Masamba a Triza pa Msewu wa ku Nambuma

Ku Nambuma ukafunsa za Triza Kamwendo, anthu amayamba akuyang'ana kaye, kenako nkuti, "Wamasamba uja?"

Triza ndi mwana wa a Jackson, mlimi wa fodya. Anakulira kuseri kwa vidiyo sho, diso pa mng'alu wa mpanda, mpaka mwini malo anatopa nako kumuthamangitsa. Atakhoza Fomu 4 anapita ku koleji ina ku Lilongwe kukaphunzira zojambula mafilimu. Chaka chomaliza aliyense amapanga filimu yake, ndipo zitatu zokha ndi zimene zimaonetsedwa pamaso pa akuluakulu a TV. Triza ankafuna dzina lake liwerengedwe pakati pa osankhidwawo, zivute zitani.

Nkhani yake inali yoseketsa moopsa: akuba awiri aba fodya ku esiteti nkumubisa m'bokosi la maliro. Ndani angaimitse maliro kuti tsegulani tione?

Tsiku lojambula anathyola masamba nkuwayala pamsewu wodutsa pakhomo pawo, monga timachitira pakagwa zovuta. Sanauze aliyense. Ankafuna apanjinga atsike ndi mtima wonse, osati mongoyerekeza.

"Iwe Triza, masamba saseweretsa," anatero Frazer, msuweni wake, amene ankasewera ngati wakuba wamkulu.

"Nyamula bokosi, mantha ngati nkhuku bwanji?"

Apanjinga anatsikadi, zipewa m'manja. Kenako anatulukira a Magdalena, mayi ake a Triza, akuchokera kuchigayo, beseni la ufa pamutu. M'mawa umenewo anasiya amuna awo akutsokomola ngati chifuwa ching'ambika. Anaona masamba. Anaona bokosi likutuluka pakhomo pawo. Beseni linapita uko, ufa mbuu, iwo khu! pansi.

"Mayo ine! Abambo a Triza, mwandisiyira yani?"

"Zimitsa iwe, ndi mayi ako awa!" Frazer anakuwa.

"Dikira pang'ono," anatero Triza, diso lili pa kamera.

Nthawi yomweyo a Jackson anasuzumira kuchokera m'chigafa, fodya ali m'manja. "Kodi wamwalira ndani?"

Atatsitsimuka, a Magdalena sanakalipe. Anangoti, "Ufufute, wamva?"

"Ndafufuta kale, amayi."

Linali bodza. M'filimu yonse munalibe malo ena amoyo ngati amenewo, ndipo Triza ankadziwa. Filimu inasankhidwa. Muholo anthu anaseka mpaka misozi, mphunzitsi wake nkumugwira chanza. "Mayi ameneyu unamupeza kuti? Koma amatha kulira, eti!"

Wina anajambula kachigawo kameneko pafoni. Sabata isanathe kanali katafika ku Nambuma, kopanda mutu, kopanda dzina la Triza. Anyamata a kabaza akaona a Magdalena akudutsa amagwira kumutu, "Mwandisiyira yani?" Mwezi watha mchemwali wa mayiwo anamwaliradi ku Chiwamba. A Magdalena anakhala m'siwa milomo ili phwii, kuopa kuti wina aseka.

Akuluakulu a TV aja anati adzaimba foni. Triza akudikirabe, kwinaku akujambula maukwati ku Njewa. Iye akaimba kumudzi, mayi ake amayang'ana dzina pafoni, nkupatsira amuna awo.

"Yankhani, ndi wojambula uja."