Sefa wa mu Sampu ya Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Ngozo, ndimamva fungo la oyilo wopsa losakanikirana ndi utsi wa mbaula za ku Kawale, ndi kulira kwa sipanala ikagwa pasimenti m'mawa, amayi akupikisana pampope, ndowa zikugundana. Agogo sankadziwa kucheza. Ankagona chagada pansi pa pikapu yawo yoyera, miyendo yokha ikuoneka, ndipo ukawapatsa moni ankayankha ndi chala chakuphazi. Ine ndinakulira pakhomo pawo. Sukulu ndinalekeza pulayimale, koma zimene ndinaona pabwalo limenelo sizili m'buku.

Pikapu ija inali yokhayo m'dera lathu lonse. Inkanyamula makala, njerwa, mayi wodwala pakati, ndiponso maliro. Pamaliro agogo sankalola kuti munthu atchule za malipiro. Ankangoti, "Thirani mafuta, tizipita."

Chaka china m'chilimwe, kagetsi kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira. M'mawa injini ili yozizira kankazima bwinobwino. Ikatentha, makamaka akaima osaponda mafuta, kankayaka. Agogo anasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakapukuta, nakabwezera. Oyilo anali wodzaza. Anakabwereka swichi ina ya oyilo, yoyatsa kagetsi kaja, kwa mnzawo wa ku Biwi poganiza kuti mwina yawo ikunama. Kagetsi kanayakabe. Kenako anabwera ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, naimanga pamene panali swichi paja. Injini itangolira, muvi unakwera. Itatentha, muvi unatsika pang'onopang'ono mpaka kukagona pansi. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, namvetsera nthawi yaitali maso ali chitsinzire.

"Siikugogoda," anatero. "Oyilo alimo, koma sakufika kumene akufunika. Mwina ndi pampu, mwina sefa wa mu sampu watsekeka, mwina maberingi. Sindinganene ndisanatsegule."

Sampu ndi chibeseni cha pansi pa injini mmene oyilo amakhala. Anakonza zoitsitsa Loweruka. Podikira, ankangoyenda maulendo afupi, kubwerera injini isanatenthe.

Lachisanu m'mamawa tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Akazi a a Kachingwe, neba wathu, anali atatisiya. Dzuwa litakwera, kunabwera amuna ndi zipewa m'manja, nakhala pakhonde pathu. A Kachingwe anakhala pansi penipeni, mutu uli pakati pa mawondo. Wolankhula anali mkulu wa mpingo, a Dzoole.

"A Ngozo, mwamva zatigwerazi. Thupi likagone kwawo ku Ntcheu. Bokosi lakhomedwa kale. Chatsala ndi inu."

"Pepani ndithu," anatero agogo. "Koma galimoto ikudwala. Ndipatseni lero lokha nditsitse sampu. Mawa m'mawa tinyamuka."

"Ndi kutentha kuno? Maliro adikire sampu?"

"Funani lole."

"Tafunsa. Palibe imene ili pafupi."

A Dzoole anapempha kuti boneti itsegulidwe. Anasolola okha kachitsulo kaja nakakweza m'mwamba kuti aliyense aone. "Taonani abale, oyilo mpaka pachizindikiro. Nanga matenda ake ali pati?"

Agogo anayesa kufotokoza kuti kudzaza ndi kwina, kuyenda ndi kwina. Palibe anamva. Wina anati ngati vuto ndi kagetsi, angochotsa kababuko.

"Babu silinalakwe," anatero agogo.

Ndiye kumbuyo kunachokera mawu, sindinaone mwini wake. "Dzulo lomweli yanyamula makala iyi. Makala inde, munthu ayi?"

Onse anatembenukira kwa agogo. Kwathu munthu akhoza kukukana mchere, anthu n'kuiwala. Wokana maliro saiwalika, ndipo tsiku likadzagwa pakhomo pake amadzakhala yekha ndi bokosi. Agogo anayang'ana a Kachingwe. A Kachingwe sanadzutse mutu, sanapemphe, sananene kanthu. Ndikuganiza kuti akanalankhula, agogo akanatha kuwayankha. Agogo analowa m'nyumba, navala jekete lawo lakuda. Anakhetsa oyilo yense, nathira wina wolimba, natseka boneti.

"Kwezani," anatero.

Ana sitinkapita kumaliro. Za panjira ndinamva kwa amayi a mvano amene anakwera kumbuyo. Mpaka Nathenje zonse zinali bwino, nyimbo zikuimbidwa. Atadutsa Linthipe, pamene msewu umayamba kukwera kulowera ku Dedza, kagetsi kanayaka osazimanso. Agogo anapatukira pamthunzi kuti injini izizire. Anthu anapirira pang'ono. Dzuwa linali pamutu, ntchentche zinayamba kuzungulira bokosi, amayi anasiya kuimba naphimba mphuno ndi zitenje. A Dzoole anadzaima pawindo la agogo. Agogo analizanso injini. Sanapite patali. Inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma msomali m'kati, kenako inangoti gwa, n'kuuma.

Bokosi analitsitsira pambali pa msewu mpaka lole ya chimanga inawachitira chifundo. Agogo anatsala ndi galimoto. Kumanda sanafike.

Pikapu inabwera chokokedwa. Lamlungu masana, anthu akuchokera kutchalitchi, agogo anatsitsa sampu. Sefa uja, kachitsulo kamabowo kamene pampu imayamwirapo oyilo, anali atamatika ndi matope akuda ngati phula, ndi tizidutswa ta gasiketi yakale yomatira sampu. Anamuviika m'parafini, namutsuka ndi mswachi wotha. Madzi a tiyi asanawire n'komwe, sefa anali mbee. Anamukweza padzuwa, kuwala kukudutsa m'mabowo onse. Pampu inali yabwino. Koma maberingi anali atasungunuka, ndipo chitsulo chachikulu chimene amazungulirapo chinali chitakandika moti chala chinkakodwa.

Anaika sefa uja pamwala, nakhala pansi. "Ntchito ya masana amodzi," anatero.

Injini ina sinapezeke. Pikapu inakwera pamiyala, matayala anapita, nkhuku zinayamba kuikira pampando wa dalaivala. Agogo anagula njinga, namanyamula makala matumba awiriawiri, munthu wa imvi. Chimene chimandiwawa si njingayo. Anthu omwe aja anawakakamiza ndi amene ankati, "Galimoto ya a Ngozo inataya maliro panjira." Ena ankati ngakhale kumanda sanaponde. Agogo ankamva, n'kumapalasabe njinga yawo. A Kachingwe anabwera kamodzi, naima pampanda nthawi yaitali akuyang'ana pikapu ija. Anapatsana moni, nafunsana za mvula. Basi. Anali amuna a nthawi imeneyo.

Agogo anamwalirira kumudzi patapita zaka. Anapitako okha pa basi akali ndi mphamvu, akuti sakufuna kuvutitsa galimoto ya munthu.

Ine ndayendetsa malole moyo wanga wonse, ndipo palibe injini inafera m'manja mwanga. Kagetsi ka oyilo kakayaka ndimazimitsa pomwepo, kumbuyo kukhale katundu wa bwana kapena wa ndani. Ana anga amati ndine wouma mtima. Anene. Anyamata a minibasi akandifunsa nkhaniyi, ndimawauza kuti ndikanakhala ine pakhonde paja, a Kachingwe atazolika patsogolo panga, ndikanakana. Ndimanena mokweza, iwo n'kugwedeza mitu. Ndikakhala ndekha sindinena choncho.