Njerwa ya Pawindo

Tinanyamuka ku Ndunde Lachiwiri mame asanaume, ine ndi mwana wanga Tadala wa zaka zisanu. M'chikwama ndinaikamo mbatata yophika ndi botolo la thobwa. Bambo ake a Tadala anatiperekeza mpaka pamsewu akuseka. "Anzanu akapita kwawo amabwerako ndi nkhuku, inu mukukatenga njerwa imodzi? Mumanga nayo chiyani?" Komatu nkhaniyo amaidziwa bwino.

Amayi anga, Anambewe, anamwalira Tadala asanabadwe, ndipo sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi. Chimene anasiya ndi dzanja lawo. Pamene sukulu ya parishi ya kwathu inkamanga buloko yoyamba ya njerwa zootcha, amayi a m'midzi ndiwo ankaumba. Amayi anga, ali ndi pakati pa ine, anadinda chikhatho chawo pa njerwa yaiwisi, ndipo mmisiri anaiyala m'munsi mwa windo la Sitandade 3, potsamira zigongono. Alamu anga anandiimbira foni nyengo yozizira kuti bulokoyo aigwetsa chifukwa inang'ambika ndi mvula yoopsa ija. Abambo mfumu anali atalola kuti wofuna kanthu kachikumbutso akatenge. Ine ndinati ndiyambe ndakolola nandolo. Kwathu ntchito yachitukuko sithamanga: pamakhala msonkhano, kenako msonkhano wina, kenako maliro. Ndiponso njerwa yootcha sitayidwa, amaipala matope n'kuiunjika pambali mpaka udzu umerepo. Ndinalibe nkhawa.

Wakabaza wa njinga yamoto anatchula thu sauzande kukafika pa tala. Ndinati wani faifi. Anati, "Mayi, mafuta ano sitikutunga pamjigo." Tinagwirizana pakatikati. Tadala anakhala pakati pathu atakumbatira jekete la mwini njinga, ndipo pokumbika paliponse ankakuwa kuti, "Bwerezaninso!" Minda inali mbee, mapesi okhaokha, kupatula m'madimba momwe amayi ankathirira tomato ndi mpiru.

Pasiteji tinadikira kwa nthawi ndithu. Minibasi yoyamba inadutsa anthu atatulutsa misana pakhomo. Yachiwiri inaima, kondakitala n'kunena kuti malo alipo ambirimbiri, kutanthauza theka la mpando pambali pa thumba la kabichi. Ndinalipira thu sauzande, mwana pamiyendo. Pafupi nane panakhala bambo wachikulire wovala mkanjo ndi kachisoti koyera, atanyamula sikelo yogulira mbewu. Atamva komwe tikupita anagwedeza mutu.

"Sukulu imeneyo ine ndinaiphunzira isanakhale sukulu," anatero. "Panali mtengo wa mkuyu ndi akatekisiti amodzi. Tinkalemba pansi ndi chala. Mbuzi ikadutsa, masamu onse apita."

"Inu Asilamu ankakulolani?"

"Ankatilola. Amene sankalola ndi bambo anga. Ankati akandibatiza n'kundidyetsa nkhumba. Ndinkazemba ngati ndikupita kokasaka mbalame. Kenako anadzaona kuti ndikuwawerengera sikelo pamsika, ndiye iwo omwe anapita kukafolera nawo chisakasa choyamba."

Anafotokoza kuti chisakasacho chinagwa, pakabwera nyumba ya zidina yomwe Lamulungu inkakhala tchalitchi. Maphunziro aulere atayamba ana anachuluka ngati ngumbi, mpaka ena ankaphunzira pakhonde la abambo mfumu. Apo m'pamene midzi inagawana ntchito youmba njerwa. Mbali imeneyo ndinkaidziwa kale, koma ndinamusiya anene, pakuti ankaikamba mokoma.

Tinatsika dzuwa litakwera, n'kuyamba kuyenda pansi kulowera kumishoni. Tinadya mbatata pamthunzi wa mango. Tadala anafunsa ngati dzanja la agogo ake lili ndi zikhadabo. Ndinati akaona yekha.

Titakhota pachipatala ndinaima. Sukuluyo sindinaizindikire. Mabuloko a malata obiriwira ali ndanda, mjigo pakati, zimbudzi za atsikana kwaokha, ndi timagalasi ta sola padenga la ofesi. Ana a yunifomu anali balala pabwalo ponse. Koma pamene panali buloko yathu panali nyumba yatsopano, utoto wake ukunyezimira. Ndinazungulira kuseri kufunafuna mulu wa njerwa. Ndinangopezako mchenga wotsala ndi wilibala yopanda tayala.

Pachipata panakhala mayi wogulitsa zitumbuwa, atafunda mpango kumutu. Anandiyang'anitsitsa kuyambira kumapazi.

"Iwe si Esinta wa Anambewe? Mayendedwe omwewo, ngati ukuopa kuponda mazira."

Anali Abiti Chande, mnzawo wa amayi amene ankagwirira naye chikombole chimodzi. Tinapatsana moni wautali. Anamupatsa Tadala chitumbuwa n'kukana ndalama. Kenako ndinafunsa za njerwa zija.

"Njerwa? Ha! Wabwera lero? Ukanabwera chaka chamawa bwanji?"

"Ndimati aziunjika kaye, monga mwa nthawi zonse."

"Nthawi zonse zakezo zinapita ndi ife. Pano kunabwera kontilakita wa galimoto. Lolemba anachotsa malata, Loweruka miphakati yonse ya parishi inabwera kudzapala njerwa, sabata inayo maziko akumbidwa. Ifenso tinadabwa. Tinazolowera kuti mwana amabadwa n'kuyamba kuyenda khoma lisanafike pawindo."

"Nanga ya amayi?"

Anasiya nthabwala. Anavundikira beseni lake, n'kupempha mnzake amuyang'anire, ndipo anati ndimutsate. Anatitengera kukhitchini yatsopano komwe amayi anayi ankatakasa phala la ana m'miphika ikuluikulu. Makoma ake anali opakidwa pulasitala ndi laimu, oyera mbee.

"Zamphumphu zinabwera kuno," anatero. "Zophwanyika anathira m'maziko a Sitandade 1. Ndinaifuna tsiku lopala lija, usaganize kuti sindinaifune. Koma anthu anali ambiri, anyamata akungoponyerana. Ndinafunsa mmodzi kuti waona njerwa ya dzanja? Akuti, agogo, njerwa zonse n'za manja."

Mmodzi wa ophika phala anaseka, kenako ataona nkhope yanga anasiya. Ndinayendetsa chikhatho pakhomalo kuchokera pakhomo mpaka pakona. Paliponse panali posalala. Tadala anandikoka chitenje.

"Amayi, agogo ali pati?"

"Ali m'katimu."

"Atulutseni."

Abiti Chande anamunyamula n'kumuika pachiuno ngakhale ndi wamkulu kale. "Sangatuluke, akugwira khoma kuti lisagwere phala. Agogo ako anali otero, sankasiya ntchito pakati." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ukudziwa chifukwa chake anadinda? Mudzi uliwonse unkaika chizindikiro kuti akatekisiti adziwe amene aumba. Akhristu ankajambula kamtanda, ife Asilamu tinkabaya zala zitatu. Amako anati, ine kulemba sindidziwa, koma wam'mimbayu adzadziwa, ndiye apeze dzina langa lili kale m'kalasi. Phaa, dzanja lonse. Akatekisiti anakalipa kuti waononga njerwa. Mmisiri ndiye anaibisa."

Zimenezi sindinazimvepo. Amayi anangondiuza kuti dzanjalo ndi lawo, basi. Ndipo ine amene anandidindirayo ndinalekezera Sitandade 7.

Aphunzitsi aakulu, mayi wachitsikana wamagalasi, atamva nkhani yathu anatilola kusuzumira m'makalasi. Muli madesiki tsopano, ndipo mawindo ndi achitsulo. Anandiuza monyadira kuti ana akumasankhidwa kupita kusekondale chaka chilichonse, ndiponso kuti akufuna kumanga laibulale. Ndinawayamikira kuchokera pansi pa mtima. Buloko yakale ija inalidi yong'ambika, ikanapha ana a eni. Palibe amene analakwa poigwetsa. Alamu anandiuza nthawi ikadalipo, ine ndinasankha nandolo, yemwenso ndinamugulitsa pamtengo wolira nawo.

Tinagona kwa alamu, ndipo m'mawa mwake tinabwerera njira yomweyo. Minibasi inali ndi malo, Tadala anakhala pampando wakewake pawindo. Mtunda wautali ankayang'ana zikhatho zake, kutembenuza ichi, kutembenuza icho.

"Amayi, linali dzanja ili kapena ili?"

Ndinayesa kuikumbukira njerwa ija. Chaka chathunthu ndinakhala pafupi ndi windo la Sitandade 3 lija. M'kadzenje ka chikhathocho ndinkasungamo kapensulo kanga ndi mtedza wokazinga. Anzanga akafuna kukhalapo ndinkawathamangitsa kuti ndi pa amayi anga. Nditakwatiwa ndinkadutsa panja pa sukuluyo popita ku Misa nthawi iliyonse ndikabwera kwathu, osalowa, poti ndinkadziwa kuti njerwayo ilipo. Chinthu ukachidziwa kuti chilipo umasiya kuchiyang'ana, ndipo ine ndinasiya kalekale.

"Lodyera kapena linalo?" anafunsanso.

Abiti Chande akanadziwa, koma tinali titadutsa kale milatho iwiri. Ndinamuuza mwanayo zoona, kuti sindikukumbuka.