Miyala pa Khomo la Depoti

Fungo la tiyi wofota m'fakitale limandinyansa mpaka lero. Dzinja la chaka chimenecho fungoli linkalowa m'malaini momwe tinkakhala n'kutipeza tili ndi njala. Kunja kunali kobiriwira mpaka kumapiri, koma tiyi sadyedwa, ndipo ife a pa esiteti tinalibe ngakhale kadimba. Tinkadalira depoti ya boma, komwe chimanga chinali chotsika mtengo.

Amayi ankathyola tiyi. Akanati azijomba, kapitawo akanatitulutsa m'nyumba. Ndiye anandisiyitsa sukulu kuti ndizikadikira chimanga. Mng'ono wanga Esinati miyendo inali itayamba kutupa. Kalongonda amene tinkadya ankangomutsegula m'mimba, mwana ankafunika phala.

Kudepoti anthu sankaima pamzere. Aliyense ankaika mwala wake, n'kukabisala mvula pansi pa bulugamu. Miyala inkayambira pachitseko chokhoma mpaka kumsewu. Ine ndinaika chibenthu cha njerwa. Ndinachilondera masabata, diresi ikuumira m'thupi, moti tsiku lina ndinaluma dzanja la mayi wamkulu amene anachikankha ndi phazi. Tangoganizani, kulumana chifukwa cha khomo lopanda kanthu.

Lamlungu lina amayi anabwera nane, atabereka Esinati. Mlonda wa pamenepo, bambo wachikulire, anamuyang'ana mwana uja n'kuwaitanira amayi pambali.

"Mayi, anandiletsa kunena, koma pano chimanga sichibweranso. Akunja amene anakongoza boma alamula kuti madepoti osapindula atsekedwe. Akuti muzigula kwa mavenda."

"Mavenda oyeza ndi kambale kophwatalala aja?" anatero amayi. "Wokongozayo amakhala kuti, bambo? Ndili ndi nkhuku imodzi, ndikamugwadire."

Mlonda anangoyang'ana kumbali.

Nkhuku ija amayi anasinthitsa ndi ufa wa masiku ochepa. Esinati tinamuika m'manda chimanga cha kumidzi chitangomasula ngayaye.

Nthawi imeneyo ndinkadana ndi mlonda. Ndinkati akubisa dala njira ya kwa wokongoza boma uja, poti kwathu wokongoza ukamupitira ndi nkhuku amakumvera. Ndinali wotsimikiza kuti munthuyo akanangoona miyendo ya Esinati, akanatsekula chitseko chija. Lero ndikudziwa kuti akunja aja analibe bwalo loti n'kugwadapo, ndipo kwa iwo kutseka kuja kunali kukonza chuma cha dziko. Zimandiwawa. Ngongoleyo tikubwezabe tonse, pa sopo ndi pa shuga, ine ndemwe. Koma Esinati palibe amene anatibwezera.