Hatchi Yotuwa ya Aneba

Amuna anga anavulala msana titakhala ku Wigston zaka zingapo. Ankagwira ntchito yonyamula makatoni m'weyahausi ina kunja kwa Leicester, ndipo tsiku lina anawerama n'kulephera kuweramuka. Kwathu ku Zomba anali mphunzitsi wa sekondale, munthu wankhani, woti akayamba kulongosola mu minibasi anthu ankapitirira siteji yawo. Atangoyamba kukhala pakhomo, pakamwa panauma. Ine ndinkalawirira ku ntchito yanga yosamalira okalamba, pobwera n'kuwapeza pampando womwe ndinawasiya, makatani osatsegula. Mwana wathu wamkazi akabwera ndi homuweki ankangomuuza kuti, "Kafunse amayi ako."

Khomo loyandikana ndi lathu munkakhala mzungu wokalamba amene anagwira ntchito m'fakitale yoluka masokosi mpaka tsiku lomwe inatsekedwa. Akazi awo anamwalira ife tisanafike. Tinkangowatchula kuti aneba. Chinansi chawo ndi amuna anga chinayambira pa bini ya zinyalala. M'mawa wina amuna anga anawaona pawindo akulimbana nayo kuti aitulutse kumsewu, iwo n'kutuluka kukathandiza. Wina msana, wina mawondo, bini inawagonjetsa onse awiri n'kukhuthukira pakhomo. Atatha kutola, aneba anawaitanira tiyi. M'nyumbamo TV inali ikuonetsa mjaha wa mahatchi.

Kuyambira pamenepo masana ambiri ankakhala kumeneko. Kenako panadzaonjezekera wachitatu, dalaivala wa basi wa ku Chipata, ku Zambia, amene tinkapemphera naye kale asanaleke kubwera kutchalitchi. Iye ankafika akaweruka shifiti ya m'mawa, yunifolomu ili m'thupi.

Ine sizinkandisangalatsa. Kwathu hatchi ndinkangoiona ya apolisi pa zionetsero, ndipo mjaha wa mahatchi kwa ine unali juga basi. Lamulungu lina mayi wina wa m'kwaya anandikokera pambali.

"Asisi, musandiyese wamiseche. Bambo a kwanu ndinawaona akutuluka m'shopu yobetchera ija ili pafupi ndi siteji."

Nditafika kunyumba ndinawafunsa ndisanavule n'komwe nsapato.

"Ndinapita, inde," anatero. "Aneba miyendo ikuwavuta, ndiye anandituma. Ine sindibetcha."

"Nanga chimene mumakhalira kumeneko tsiku lonse n'chiyani?"

"Timakambirana."

"Mahatchi?"

"Mahatchi. Mukufuna ndizikambirana ndi khoma?"

Mawu amene anayankhula tsiku limenelo anaposa a mwezi wathunthu.

Mpikisano waukulu unkachitika mu Epulo, wodumpha mipanda yaitali, umene ngakhale anthu osadziwa hatchi kuno amauonera. Sabata imeneyo mvula inagwa mosalekeza, yowaza ija yosamveka padenga koma yonyowetsa mpaka m'mafupa. Lachitatu ndinali pa ofu, ndipo ndinakazinga mandasi n'kupita nawo kwa aneba. Kunena zoona ndinkafuna kuona ndi maso anga chimene chinkawasunga amuna anga kumeneko.

Ndinawapeza atatu onse atazungulira tebulo laling'ono, nyuzipepala atazitambasula, hita ikuwomba m'miyendo. Mkangano unali utafika kale pakati. Dalaivala anali kumbali ya hatchi yakuda ya ku Ireland, imene aliyense ankaitchula.

"Iyi siithamanga, imauluka," ankatero, akumenya tebulo ndi chala. "Chisanu chonse chino palibe anaigwira. Manje imwe mufuna chani?"

Amuna anga anapukusa mutu. Anandifotokozera ine, ngati ndine mwana wa Fomu 2, kuti pa mpikisano umenewu hatchi yamphamvu amaisenzetsa zitsulo m'chishalo kuti ifanane ndi zinzake. Yakudayo anali ataipatsa katundu wolemera kuposa onse, ndipo mtunda wake unali wautali kuposa umene inathamangapo.

"Ndi matope amenewa ikafika kumapeto miyendo idzakhala phala," anatero. "Onani yofiirira iyi ya chipumi choyera. Katundu wochepa, ndipo imakonda pofewa. Amake analinso choncho."

"Mudala, mpaka amake muwadziba?" dalaivala anaseka. "Muzatiuza na mudzi wao."

Ndinawayang'ana amuna anga. Anali atakhala kutsogolo kwa mpando, manja ali m'mwamba, msana atauiwala. Ndinamva chisoni chosadziwika bwino, poona kuti munthu uja alipobe, koma amatulukira kwa eni.

Aneba anadikira kuti awiriwo atope. Kenako anaika chala pa chithunzi cha hatchi yotuwa, yokalamba kuposa zonse zimene zinalembedwa.

"Iyi sinagwepo," anatero m'Chingerezi chawo chomeza mawu. "Si yothamanga kwambiri, koma mpanda imauyang'ana kaye isanadumphe. Zinazi zimangodziponya. Mpikisano uwu amapambana ndi amene watsala chiimire."

"Yakalamba, mudala."

"Yakalamba, inde. Njira ikuidziwa."

Anasimba za tsiku limene anapita ndi akazi awo kukaonera mjaha ku Oadby ali achinyamata, mayiwo n'kusankha hatchi yotuwa chifukwa choti inkafanana ndi chikhoti chawo, ndipo inapambana. Tonse tinaseka. Tisanamalize mandasi anaisimbanso nkhani yomweyo, mawu omwewo, n'kuseka pamalo pomwe paja. Amuna anga ndi dalaivala anasekanso nawo. Ndinazindikira kuti si koyamba kutero.

Maso a ntchito savulidwa ngati yunifolomu. Nditapita kukhitchini kukatsuka makapu ndinapeza mapilisi a masiku angapo ali m'kabokosi kawo osakhudzidwa. Mkaka unali m'kabati ya mbale. Poto wina anali wakuda ndi kupserera, atabisidwa kuseri kwa chitseko. Pamene aneba ankandilandira kapu, dzanja la juzi linakwera ndipo ndinaona mkono wonse uli bii ndi zipsera za kugwa. Pochoka ndinawauza amuna anga.

"Ndikudziwa," anatero. "Mapilisi ndimawakumbutsa. Gasi ndimazimitsa ndine ndisanachoke."

"Nanga mukachoka?"

Anangotsegula chitseko chathu n'kulowa.

Mawa lake pobwera ku ntchito ndinapeza galimoto yachilendo pakhomo pa aneba. Anali mwana wawo wamkazi wa ku Derby, mayi wa msinkhu wanga, maso ali ofiira. Anandiimitsa pamsewu mvula ikutinyowetsa tonse. Anati wapeza malo kunyumba yosungira okalamba kufupi ndi kwawo, bambo ake akukana, ndipo nyumbayi iyenera kugulitsidwa.

"Ndamva kuti inu mumagwira ntchito imeneyi," anatero. "Ndiuzeni zoona. Kodi ndikuwalakwira?"

Ndinamuuza zimene ndinaona. Ndinamuuzanso kuti amuna anga amayesetsa, koma munthu wodwala msana sangadzutse mnzake akagwa pamasitepe. Analira, n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti adzawatenga Lolemba, awasiye aonere kaye mpikisano wawo.

Amuna anga anali ataona zonse pawindo.

"Mwamuuza chiyani?"

"Chimene anandifunsa."

"Kwathu munthu wamkulu sachotsedwa m'nyumba mwake ngati mpando wothyoka."

"Kwathu m'nyumbamo mukanakhala adzukulu. Kuno muli ndani?"

"Muli ine."

Tsiku limenelo sanadye. Lachisanu anapita kwa aneba monga mwa masiku onse, ndipo kudzera pakhoma ndinkamva mkangano ukupitirira, woti kaya mvula ikaleka bwalo liuma msanga, kaya wokwera yakuda uja ndi mwana kwambiri. Za Lolemba panalibe anazitchula.

Loweruka mvula inakata, koma dzuwa silinatuluke. Ndinapita nawo. Mwana wa aneba anali atayamba kale kulongedza, moti m'chipinda chochezera munali makatoni m'mbali monse, ndipo pakhoma panatsala mabala oyera pomwe panali zithunzi. Aneba anali atavala taye ndi jekete. Dalaivala anasinthana shifiti ndi mnzake kuti akhalepo, ndipo anabwera ndi nkhuku yootcha imene palibe anaikhudza.

Mahatchi atayamba kuzungulira pabwalo mjaha usanayambe, mkangano unabukanso komaliza. Dalaivala anati yakuda ikunyezimira ngati nsapato ya mkwati. Amuna anga anati ikutuluka thukuta m'khosi, chizindikiro choti yatha kale mphamvu ndi mantha. Aneba anangoti, "Taonani yotuwayo mmene ikuyendera. Ngati ikupita kumsika."

Anaziyambitsa. Ine sindinkatha kusiyanitsa kanthu, linali gulu limodzi la miyendo ndi matope. Pa mpanda wina woyambirira yofiirira ya amuna anga inagunda inzake, wokwera n'kugwa, iyo n'kumapitirira yokha yopanda munthu. Amuna anga anangoti, "Basi," n'kutsamira. Yotuwa inali patsogolo ndithu. Inkafika pa mpanda, n'kuchita ngati yaima kaye, n'kudumpha bwinobwino, monga ananenera aneba. Iwo anaimirira osagwira ndodo, akuilankhula motsitsa ngati mwana.

Mahatchi atayamba kuzungulira kachiwiri, yotuwayo inayamba kutsalira. Zinzake zinaidutsa imodzi imodzi. Kenako tinaona wokwera wake ataimirira m'zopondera, akuikoka kuti ileke, ndipo inatuluka pambali ikuyenda, mutu uli pansi. Yakuda inalimbikira mpaka mpanda womaliza, koma apo miyendo inalemera, ndipo inapitidwa ndi hatchi ina imene sabata yonseyo panalibe anaitchulapo.

Dalaivala anatukwana pang'ono m'Chinyanja chakwawo n'kundipepesa. Amuna anga anatsitsa voliyumu. Aneba anakhala pansi, n'kukonza taye, n'kuyang'ana TV imene inkaonetsa anthu akukumbatirana. Patapita kanthawi anatembenukira kwa amuna anga.

"Auyamba nthawi yanji?"

Dalaivala anayang'ana pansi. Ine ndinadziwa choyenera kunena, chifukwa ku ntchito timakumana nazo tsiku ndi tsiku, koma funsolo silinali langa. Amuna anga ndi amene anayankha.

"Watha, bambo. Yotuwa inatsogola nthawi yaitali. Inatopa, koma sinagwe."

"Sinagwe?"

"Sinagwe. Yabwerera yamoyo."

"Ndinakuuzani," anatero aneba. Anayang'ana makatoni aja, n'kufunsa kuti ndi a yani.

Lolemba ine ndinali ku ntchito. Amuna anga ndi amene anawaperekeza mpaka m'galimoto, n'kuwamangirira lamba. Madzulo anandiuza kuti aneba sanavute, ankayesa akupita kuchipatala kukapimidwa mawondo.

Ku Derby amuna anga anapitako maulendo angapo pa sitima, ngakhale kukhala nthawi yaitali kunkawapweteka. Ulendo woyamba anacheza bwino, anaonera limodzi mjaha waung'ono m'chipinda cha onse. Ulendo wina aneba anawayesa wantchito wa pamalopo, n'kuwapempha kuti awasinthire mapilo. Amuna anga anasintha mapilowo, n'kukhala nawo mpaka nthawi ya chakudya. Dalaivala anasamukira ku Nottingham chilimwe chomwecho, ndipo kupatula mauthenga a pa foni a apo ndi apo, sitinamuonenso. M'nyumba ya aneba munalowa banja lachinyamata lokhala ndi galu, anthu aulemu ndithu, opereka moni akuyenda.

Ine ndi amuna anga sitinakambiranenso za tsiku lija la pamsewu. Sanandiuze kuti ndinalakwa, sanandiuzenso kuti ndinakhoza. Msana utayamba kupepuka anapeza ntchito yokhala pansi, yogulitsa pa filing'i siteshoni ina ya panjira yopita ku Leicester.

Aneba anamwalira mu Novembala. Mwana wawo anatiimbira foni, ndipo tinapita ku Derby tonse awiri. Mwambo unachitikira kumalo ootchera mitembo, m'kachipinda ka mipando yambiri koma anthu osadzaza ngakhale mizere iwiri. Panalibe kwaya, nyimbo inachokera m'sipika. Tisanakhazikike bwino katani inatsekeka kutsogolo kwa bokosi, ndipo bambo wa suti yakuda anatilozera khomo lotulukira, chifukwa panja panali kale anthu a maliro ena akudikira. Mwana wa aneba anatithokoza, n'kutiuza kuti kwawo kuli masangweji ngati tingafune. Amuna anga anati sitima itisiya. Tinayenda wapansi mpaka pa siteji ya basi yopita kokwerera sitima, iwo patsogolo pang'ono, ndipo mdima unali utayamba kale kugwa ngakhale ana a sukulu anali akungoweruka kumene.