Bolodi Losalowa M'sutikesi

Mumzinda wa Holguín, m'dera la kuseri kwa depoti ya mabasi, mtsikana aliyense wokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ankadutsa m'manja mwa Odalys Pupo. Kuno mtsikana akafika msinkhu umenewo, ngakhale banja likhale likudya mpunga wopanda ndiwo, amamubwerekera diresi lalitali ngati la mkwatibwi, kumupaka milomo, n'kumujambula. Odalys ndiye anali wojambulayo: mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wosaopa kukalipira ngakhale agogo a mwanayo. "Dzutsani mutu, agogo, kuno si kumaliro!" Anthu ankadandaula za pakamwa pake, koma mawa lake ankabwera ndi mwana wina.

Chithunzi sankataya. Zakale za pafilimu anazilowetsa m'kompyuta chimodzichimodzi, ndipo zonse ankazisunga m'madisiki amene ankawakulunga m'masokosi n'kuwaika m'chitini cha mabisiketi. Zinali ndi ntchito yake. Anthu a m'derali akamachoka m'dziko salengeza: lero mwapatsana moni, mawa chitseko n'chokhoma, anyamuka ndi kachikwama kamodzi, zithunzi zawo asiyira chinyezi ndi mphemvu. Pakapita chaka foni ya Odalys inkalira. Wina ali ku Madrid, wina ku Miami, mawu akunjenjemera: "Mayi Odalys, chija ndinaima ndi amayi anga, kodi chikadalipo?" Chinkakhalapo.

Tsiku lina disiki imodzi inayamba kugogoda m'kati ngati wotchi, kenako zii. Inapita ndi atsikana ambirimbiri. Odalys analira, anatukwana, ndipo atamaliza zonse ziwiri ananyamula chitini chija kupita kwa Wilfredo Almaguer, wokonza makompyuta amene anaphunzira naye pulayimale.

"Masokosi si nkhokwe, Odalys," anatero Wilfredo. "Pakufunika kompyuta imodzi yongosunga basi. Madisiki onse m'kati, chithunzi chilichonse chikhale pawiri. Disiki ina ikafa, inzake yatsala."

"Nanga unali kuti zaka zonsezi, nkhalamba iwe?"

"Ndinkakuuza, iwe n'kumati ndikufuna kukufunsira."

"Ndipo unkafunadi. Tandimangira chinthucho."

Panafunika zinthu ziwiri: purosesa, kachitsulo koganiza kaja, ndi bolodi limene purosesayo ndi madisiki onse amalumikizidwapo. Zoterezi kuno sizipezeka m'sitolo, zimabwera m'chikwama cha munthu wochokera kunja. Choncho Odalys anaimbira mwana wake mmodzi yekhayo, Dayamí, namwino kunja, ku Montevideo, amene kwa nthawi yaitali ankathamangathamanga ndi mapepala oti mayi ake amutsatire.

Dayamí anasangalala mokayikitsa. Posakhalitsa kunafika kabokosi kokongola. M'kati munali kabolodi kakang'ono ngati chikhatho, kokhala ndi mabowo awiri okha olumikizira madisiki, ndi purosesa yatsopano yamphamvu.

"Mwakaona, Mima?" anafunsa pafoni, akuitana mayi ake monga ankawaitanira kuyambira ali mwana. "Ndasankha dala kakang'ono. Mukopere zonse m'madisiki awiri aakulu, kalowe m'chikwama cha m'manja, mukhome nyumba, mubwere. Zithunzi zanu zonse mukwera nazo ndege."

Odalys anakatembenuza kabolodiko m'manja. Mwanayo anali ataganiza zonse, ndipo anaziganiza mwachikondi. N'chimene chinkawawa.

Wilfredo anakayesa kabolodiko pa tebulo lake. Kanali kaliwiro ndithu. Koma masana magetsi anazima monga mwa masiku onse, ndipo atakalumikiza ku batire ya njinga yamoto ya Odalys, kanaimwa ngati chidakwa. Khofi asanazizire n'komwe, batire inali itayamba kale kutsika.

"Purosesa iyi ndi ya kudziko kumene magetsi sazima," anatero Wilfredo.

"Ndaona. Nanga icho chili pamwamba pa kabatiyo n'chiyani?"

Linali bolodi lakale lalikulu ngati thireyi, lafumbi, lochokera mu ofesi ina imene inatsekedwa. Mabowo a madisiki linali nawo asanu ndi atatu. Purosesa yake inali yaulesi, yosadya magetsi, yosafuna ngakhale fani yaikulu yoiziziritsa.

"Ilo limayenda ngati bilimankhwe," anatero Wilfredo.

"Ndikupita kuti ine kuti ndithamange? Kusunga zinthu kumafuna liwiro?"

"Ayi. Koma likufuna bokosi lachitsulo lija lili pakonalo, loti amuna awiri anyamule. Limenelo silikwera ndege, Odalys."

"Wanena ndani kuti likwere?"

Wilfredo anavula magalasi. Anayang'ana chitini chija n'kuwerenga madisiki amoyo. Anali anayi. "Mabowo enawo atsala opanda kanthu," anatero motsitsa mawu.

"Mdzukulu wako wamkazi uja ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Basi. Undipatsa bolodilo, ine ndidzamujambula akadzakwanitsa. Ndipo udzamete ndevuzo, sindijambula mbuzi."

Wilfredo anaseka, koma m'maso mwake munalengeza misozi, chifukwa iyenso ana ake onse anali kunja, ndipo anali atatopa ndi kutsanzikana ndi anthu.

Musaganize kuti Odalys anali wosaona. Ankaima pamzere wa buledi ngati wina aliyense, ankatukwana magetsi kuposa wina aliyense. Amene anapita sankawaweruza. Koma ankati atsikana otsala nawonso ali ndi nkhope, ndipo wina ayenera kuwauza kuti adzutse mutu. Zoti moyo wake wonse upindidwe ngati malaya kuti ulowe m'chikwama, zimenezo anakana.

Bokosi lija linabwera pa ngolo ya hatchi n'kuikidwa pafupi ndi furiji, batire ili pambali. Lamlungu Dayamí anaimba foni ya vidiyo, ndipo Odalys sanabise kanthu. Analoza foniyo m'mimba mwa bokosilo, mbali imodzi ili yotsegula.

"Mima, chimenecho n'chiyani? Kanga kaja kali kuti?"

"Kali m'bokosi mwake, mwanawe. Ndikutumizira. Ndi kabwino, koma ndi ka kwanuko."

Dayamí anayang'anitsitsa. Ndi mwana wa mayi ake, sachedwa kumva. "Madisiki ndi anayi. Mabowo enawo ndi a chiyani?"

"Ana akukula kuno."

"Ndiye simubwera."

"Sindibwera."

"Ndavutika ndi mapepala aja, Mima! Ndakukonzerani chipinda! Mukusankha ana a eni?"

"Usandifunse choncho. Iwe ndinakusankha tsiku limene ndinakuperekeza ku bwalo la ndege osakugwira mwendo. Ndiye nawe usandikoke dzanja."

Onse awiri analira, aliyense kwake. Odalys ankadziwa kuti wamupweteka mwana wake, ndipo sanapeze mawu oti afewetse, chifukwa mawu ofewa sanakhalepo nawo. Nthawi yomweyo magetsi anazima. Furiji inaleka kulira. Bokosi lija linapitiriza kung'ung'udza pang'onopang'ono pa batire, ngati palibe chachitika.

Dayamí anapukuta mphuno. Atalankhulanso, mawu ake anali akunjenjemera, ndipo Odalys anawazindikira mawuwo, pakuti anali atawamva kambirimbiri kuchokera ku Madrid ndi ku Miami. Sanaganizepo kuti adzawamva kwa mwana wobereka yekha.

"Mima, chija ndinaima ndi malemu bambo, nditavala diresi lachikasu. Kodi chikadalipo?"

Odalys anakoka mpando, n'kuyamba kufufuza. Purosesa yaulesi ija inatenga nthawi yake, ndipo onse awiri anaidikira.

"Chilipo," anatero. "Tadzutsa mutu uchione bwino."