Bwalo la Mpira M'munda mwa Amayi

Mpira woyamba wachikopa umene ndinaugwira unabwera pa njinga, utamangidwa ndi luzi kumbuyo kwa mesenjala wa ku Boma la Fort Jameson. Zinali zaka za nkhondo ija ya azungu, ine ndili kamnyamata pa sukulu ya mishoni kwathu ku Chipangali. Pakamwa pa mpirawo panali posoka ndi chingwe chimene chinkatupitsa chipumi ukaumenya ndi mutu. Ife ozolowera kukankha masanza tinkangolandizana kuununkhiza.

Mesenjala anabweranso ndi mawu. Boma linkafuna kuti sukulu iliyonse ikhale ndi bwalo, ana azithamanga, matupi alimbe. Mvula ikangoyamba kukata, mzungu wa ku Boma adzabwera yekha kudzaonerera mpikisano wa sukulu zoyandikana, ndipo udzachitikira kwathu.

Aphunzitsi anakondwa ngati awakweza udindo. Anayenda ndi mesenjala kufuna malo athyathyathya, ndipo okhawo opanda chulu kapena chitsa anali munda wa nsawa wa amayi, kuseri kwa sukulu. Zikhomo anakhoma tsiku lomwelo.

Ine ndinatupa. Bwalo la Boma m'munda mwathu! Anzanga anayamba kundisankha poyamba pogawana magulu, ine amene kale ankandisiya kuti ndizilondera malaya.

Koma chaka chimenecho amayi anabzala mochedwa, poti abambo anali ku ntchito ku Halale ndipo khasu linali limodzi. Nsawa zinali zisanakhwime. Malume anapita kukapempha aphunzitsi kuti adikireko pang'ono, nabwerako ndi yankho lalifupi: "Mlongo wanga, akuti tsiku la mzungu silisuntha."

Tinazula nsawazo sukulu yonse, aphunzitsi akuliza wezulo, ife tikuimba. Nsawa zanthete zimatsekemera, zamadzimadzi, makoko ake ofewa moti umangofinya ndi zala. Tinadya mpaka mimba kulira. Zotsala tinasenza mitolomitolo kukaunjika pakhomo pathu, ine patsogolo, ndikuganiza kuti tawakololera amayi ntchito ya mwezi wathunthu tsiku limodzi.

Aphunzitsi aja sindiwada. Ankatifunira zabwino, ndipo pa bwalo limenelo pakulira ana ambiri a miyendo yolimba. Kungoti amene anasankha malo sanali amene ankadya za m'mundamo.

Nyengo yokoma ngati imene ija sindinaionenso. Tinagumula mizere, tinapondaponda dothi, tinalemba malire ndi phulusa, magoli tinaimika a nsungwi. M'mawa uliwonse tinkathamanga mame akutinyowetsa akakolo. Ngakhale malume, ndi mkwiyo wawo wonse, anagonja ataona chingwe chokokana, nayamba kuphunzitsa amuna a m'mudzi kukumba chidendene pansi.

Tsikulo litafika kunali fumbi, ng'oma, nthungululu. Mzungu anakhala pampando pansi pa msasa, nkhope ili psuu. Pa liwiro la ana aang'ono ndinachoka ngati wothawa njuchi, osacheuka, ndipo ndinangozindikira malume atandinyamula paphewa akufuula kuti, "Mphwanga uyu! Mphwanga uyu!" Mphoto inali sopo wamtanda.

Ndinayang'ana amayi m'gulu lonse, osawaona. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusenda nsawa zija. Zitauma zinali zitanyala, zambiri zili mphwepwa, moti mulu wa makoko unali waukulu koma m'lichero munali tochepa tokwinyika.

"Amayi, ndapambana!"

Anapukuta manja, nalandira sopo ndi manja awiri.

"Wachita bwino, bambo wanga. Unathamangira mbali iti?"

"Ya kumunsi, cha ku mtengo wa mpundu."

"Pamenepo mpamene pankabereka kwambiri," anatero, napitiriza kusenda.

Ine ndinayesa akundiyamikira, ndipo ndinabwerera ku bwalo ndikudumphadumpha. Sindinkadziwa kuti tochepa tija ta m'lichero ndito tinali ndiwo za chaka chonse ndi mbewu yomwe, ndi kuti mvula ikadzagwa amayi adzayenda khomo ndi khomo ndi kambale, kupempha zoti abzale.