Kujambula Moyang'anizana ndi Dzuwa

Ntchito yojambula zithunzi ndinaipeza chaka chimene mkazi wanga anamwalira. Ndinali nditasiya ulimi wa fodya pa esiteti, ndikungokhala pakhomo. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo anandiuza kuti alamu ake, a Mbewe, ali ndi situdiyo pa Malomo ndipo akufuna munthu wa njinga, wosamwa mowa. Ndinapita Lolemba.

A Mbewe anandipatsa kamera ya filimu, fulashi ya mabatire anayi, ndi kansalu kopukutira galasi la kamera. Anandiphunzitsa kulowetsa filimu ndili pamthunzi, kupotokola mphete ya kutsogolo mpaka maso a munthu aoneke bwino, ndi kugwira mpweya podina. Filimu ikadzaza ankaitumiza ku Lilongwe kukatsukitsa. Lamulo lawo linali limodzi: "Dzuwa lizikhala kumsana kwanu, achimwene. Mukaliyang'ana mundibweretsera makala."

Mwezi wa Okutobala kunabwera mayi wina wa kumapiri, a Naphiri. "Bambo akunyumba, a Banda, akukagonekedwa kuchipatala mawa," anatero. "Ana alibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe." Mkazi wanga nayenso anapita osasiya chithunzi.

Pachitunda tcheni ya njinga inaduka. Ndinakankha njinga mpaka kumudziko, n'kufika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Mufilimu munatsala chithunzi chimodzi. Nditayesa fulashi, sinayake. Mabatire sindinawaone ponyamuka.

A Banda anali ataonda kwambiri, jekete likulendewera. Ndinawaikira mpando pakhonde, pomwe kuwala kunkawagwera kumaso. Anapukusa mutu.

"Nkhope iyi ayi, bambo. Ana angamaithawe ili pakhoma."

"Abambo inu, khalani pansi, dzuwa likupita," anatero a Naphiri.

"Likupita lokha? Ndipatseni ndodo yanga."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa nkhokwe, pomwe panayambira kanjira ka kumunda, cha kumadzulo. Anaima pomwepo, chipewa chitapendekera kumanzere. Ndinawatsatira mtima uli m'mwamba, poti ndinadziwa kuti nkhope siituluka.

Nditaika diso pa kamera, ndinaiwala kudina. Anthu anali akutentha tchire, ndipo utsi unali utadzaza m'zigwa. Dzuwa linali lofiira ngati chitsulo cha m'ng'anjo, lalikulu, loti munthu n'kuliyang'ana osaphethira. Mapiri anandandalikana, lina kuseri kwa linzake, loyamba lakuda, lachiwiri lotuwa, enawo akusungunukira m'mitambo. Ndinabadwira m'mapiri omwewa, koma ndinali ndisanaimepo kuwayang'ana. Pakati pa zonsezo panali munthu mmodzi wodwala, ataima chilili. Ndinanena chamumtima kuti, Ambuye, zonsezi mumazichita tsiku lililonse? Ndinachepetsa kabowo kolowetsa kuwala, n'kugwira mpweya, n'kudina.

A Banda anamwalira zithunzi zisanabwere. A Mbewe atachiona chithunzicho anati, "Ndinanena ine! Makala awa. Kapepeseni nokha." Sindinawatsutse. Munthuyo anali wakuda bii, wopanda maso, wopanda pakamwa, kumbuyo kwake thambo likuyaka.

Ndinachipititsa ndili ndi manyazi, n'kuulula za mabatire. A Naphiri anachigwira ndi manja awiri. Kenako anaitana mwana wawo wamkazi wamkulu. Mtsikanayo atangosuzumira anafuula, "Ababa! Akuchokera kumunda!"

"Timawaona chonchi madzulo alionse tikakhala pabwalo," anatero mayiwo. "Nkhope sitinkaiona. Tinkawadziwira chipewa ndi phewa lotsikali."

Papita zaka zambiri, ndipo lero ndimajambula ndi kamera yoonetsa chithunzi pompopompo. Koma ndisanamuuze munthu poti aime, ndimayamba ndafunsa a pakhomo pake kuti iwo amamuona ali pati.